Mphesa Zopsa Msanga: Ndi Iti Ingathawe Mvula ya ku Darwendale?

Darwendale si dera losowa chodzitama nacho. M'damu lake, lomwe linamangidwa pa mtsinje wa Manyame mu 1976, munatuluka nsomba ya bass yolemera makilogalamu oposa 8 mu 2004, ndipo a mbedza a ku Zimbabwe amaisimbabe mpaka lero. Pansi pa mapiri a Great Dyke pali miyala ya chrome ndi platinum, yomwe mu 2014 inachititsa kuti nduna ya ku Russia, Sergey Lavrov, ifike kudzakhazikitsa ntchito ya mgodi. Pamwamba pa nthakayo pali fodya wa m'mabalani, amene ambiri omubzala, kumuthyola ndi kumuwotcha anali agogo athu ochokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, aja anabwera wapansi kapena kudzera ku bungwe lolemba antchito la Mthandizi n'kutchona m'makomboni a m'mafamu. Zidzukulu zawo zilipobe, Chichewa chikumveka, ndipo ena tsopano ali ndi kamunda kawokawo.

Pa mndandanda wa zodzitama nazozi mphesa palibe. Mukalowa m'sitolo ku Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchoka ku Darwendale, mphesa zambiri zomwe zili m'timabokosi tapulasitiki zija zadutsa pa Beitbridge kuchokera ku South Africa. Chonsecho madzi othirira alipo, dzuwa ndi losayamba, dothi la mchenga lomwe limabereka fodya mpesa sungalikane. Ku Marondera, komwe kunatchuka vinyo wa Mukuyu, mipesa yakhala ikulimidwa kwa zaka zambiri. Chomwe chimagonjetsa mlimi wa mphesa zodya kuno ndi kalendala.

Mpesa umagona m'nyengo yozizira. Mlimi amaudulira chakumapeto kwa Julayi, umaphukira mu Ogasiti, umachita maluwa mu Sepitembala, zipatso zimakula m'dzuwa la Okutobala. Mpaka pamenepo zonse zili bwino, chifukwa kumwamba kuli gwa, matenda alibe poyambira. Kenaka chapakati pa Novembala mitambo imayamba kusonkhana. Mtundu wopsa msanga umafuna masiku 100 kapena kupitirirako pang'ono kuchokera pa kuphukira kufika pokolola m'dziko lotentha. Werengani nokha: wophukira pa 10 Ogasiti ukupsa sabata yomaliza ya Novembala, mvula itangogwa kawiri kapena katatu. Mtundu wochedwa, wofuna masiku 140 kapena 150, ukupsa kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, pakati penipeni pa mvumbi. Choncho pamene mlimi wa ku California kapena ku Egypt amathamangira kupsa msanga kuti apeze mtengo wabwino pa msika, wa ku Darwendale, ngakhalenso wa ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Chipata komwe nyengo imayenda chimodzimodzi, amathamanga kuti apeze chokolola n'komwe. Zikho zomwe tigawe pano kwa mitundu ya mphesa tizigawa ndi muyeso umenewo.

Kholo la onse othamanga

Chikho cha ulemu chipite ku Hungary. Mu 1904 mlimi wina wa m'tauni ya Békéscsaba, dzina lake Adolf Stark, anatulutsa mtundu womwe dziko limaudziwa kuti Pearl of Csaba. Kwawoko umapsa kumapeto kwa Julayi kapena kuchiyambi kwa Ogasiti, mitundu ina isanayambe n'kufewa komwe. Zipatso zake ndi zazing'ono, zoyera mobiriwira, za njere, za khungu lopyapyala, ndipo zili ndi kafungo kokoma kaja alimi a mphesa amakatcha muscat. Sungazitumize kutali, zimaphwanyika, ndipo mavu ndi mbalame zimazipeza mwini wake asanalawe. Pa msika wa lero palibe amene angaziyang'ane kawiri.

Koma tsatirani mzere wa ana ake. Mu 1916 János Mathiász anakwatitsa mtunduwu n'kupeza Queen of the Vineyards. Ameneyu ndiye mayi wa Perlette. Ofufuza atayeza chibadwa cha Cardinal, mtundu wofiira womwe unabadwira ku Fresno mu 1939, anapeza kuti nawonso ndi mwana wa Queen of the Vineyards yemweyo, ngakhale mabuku akale ankalemba kholo lina. Ndipo Cardinal ali m'magazi a Flame Seedless ndi Sugraone. Ndiye kuti liwiro lomwe likudyetsa anthu masauzande ambiri m'mbali mwa mtsinje wa Orange lero, gawo lalikulu linachokera m'munda wa munthu mmodzi zaka zoposa 120 zapitazo. Cholowa china chomwe anawa anatengera n'chosasangalatsa: khungu losapirira madzi.

Wofika pa msika ena asanadzuke

Pa mitundu yamalonda ya masiku ano, awiri amene amakanganirana malo oyamba ndi Prime ndi Early Sweet. Onse ndi oyera, opanda njere, ndipo onse anachokera kwa obereketsa mbewu a ku Israel: Prime ku bungwe la boma la Volcani, Early Sweet ku kampani ya Grapa. Kulikonse komwe nyengo yokolola ikuyamba, kaya ndi ku Egypt mu Meyi kapena kuno kummwera kwa Africa mu Novembala, mabokosi oyamba kutuluka m'mashedi amakhala ndi amodzi mwa mainawa.

Malo amene anaonetsa bwino mphamvu ya liwiroli ndi Aussenkehr, chigwa cha m'chipululu ku Namibia, m'mbali mwa Orange. Mvula kumeneko siikwana mamilimita 50 pa chaka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Dušan Vasiljević, wochokera ku Yugoslavia, anaona kuti kutentha kwa chigwacho kungapsetse mphesa mu Novembala, nthawi yomwe Europe alibe zake ndipo zigwa za ku Cape monga Hex River sizinayambe. Lero derali limatumiza makatoni mamiliyoni ambiri kunja, anthu akunjako n'kumadya mphesa za m'chipululu pa Khirisimasi. Osaiwala kuti antchito ambiri omwe amakolola chumachi akhala zaka akugona m'nyumba za bango. Wobadwira pa komboni ya pa famu nkhaniyi saifunsa kawiri.

Komabe Aussenkehr si chitsanzo chathu, chifukwa kumeneko mvula si mdani. Oyenera kuwaonera ndi alimi a ku Limpopo, ku Groblersdal ndi Marble Hall, omwe amathirira ndi madzi a damu la Loskop. Kumeneko mvula imagwa m'nyengo yotentha ngati kwathu kuno, matalala nawo amabwera, koma ndiwo amatsegula nyengo ya mphesa ya South Africa kuchiyambi kwa Novembala. Chinsinsi chawo chilibe matsenga: amabzala mitundu yofulumira, amayala ukonde wotchinga matalala ndi mbalame, ndipo pamwamba pa mizere amafunditsa pulasitiki kuti dontho lisakhudze phava. Zonsezi ndi ndalama, ndiponso Prime ndi Early Sweet ali ndi eni ake. Simungangothyola nthambi kwa mnzanu n'kukatsika. Pamafunika chilolezo ndi kulipira.

Nanga kukoma? Apa ndiye pali chinyengo. Prime ikasiyidwa kuti ipse bwino imakoma, ndipo kafungo ka muscat kamamveka patali pang'ono. Koma chifukwa mtengo wabwino uli m'masabata oyamba, ena amaithyola shuga asanakwane, ndipo wogula amapeza madzi owawasa m'khungu lokongola. Mphesa si nthochi kapena mango oti mungavundike m'thumba. Ikachoka pa mpesa yatha, shuga sawonjezekanso ngakhale pang'ono.

Yotopetsa kuposa zonse

Chikho ichi n'cha Perlette, ndipo palibe wopikisana naye. Harold Olmo wa ku yunivesite ya California ku Davis anautulutsa mu 1946, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo unali woyamba kupsa pa mitundu yopanda njere, kuyambira ku Coachella mpaka ku Punjab. Vuto lake ndi kubereka mopanda manyazi. Phava limadzaza thothotho, zipatso kupanikizana mpaka zamkati kuphwanyika n'kuyamba kuwola mwini munda akuona kunja kokha kuli bwinobwino. Mankhwala ake ndi manja. Munthu amaima pansi pa nsanja, khosi lili chagada, kalumo m'manja, n'kumachotsa tizipatso tosakwana kukula kwa nandolo, phava ndi phava, mpaka lotsalalo likhale lotakasuka moti mpweya uzidutsa. Mpesa umodzi ukhoza kukhala ndi mapava makumi angapo, ndipo hekitala imodzi mipesa yoposa chikwi. Ntchitoyi imagwa mu Sepitembala ndi Okutobala, nthawi yomwe pa famu ya fodya wothirira, amene lamulo limalola kuwokera kuyambira pa 1 Sepitembala, manja onse ali kale ndi mgwazo wawo. M'maiko ambiri Perlette anazulidwa osati chifukwa chosakoma koma chifukwa cha malipiro a opatulira.

Yokoma kwambiri, yamantha kwambiri

Mutandifunsa mphesa yofulumira yomwe ndingaike pa mbale ya mlendo, ndinena Flame Seedless mosaganiza kawiri. Inatuluka mu 1973 ku malo a kafukufuku a boma la America ku Fresno, ntchito ya John Weinberger ndi Frank Harmon. Ndi yofiira, yobulungira, yolimba, ndipo ukailuma imaphulika m'kamwa. Kutsekemera kwake kumayenda ndi kakuwawasa kokwanira kuti usatope nayo. Imapsa pafupifupi nthawi imodzi ndi Prime kapena patangopita masiku ochepa. Ilibe mwini woti mumulipire. Komanso Darwendale ali ndi mphatso imodzi yomwe zigwa zotentha zilibe: ali pamtunda, mamita oposa 1,300, ndipo usiku kumazizirako. Flame imavuta kufiira kumalo komwe usiku kumatentha, mpaka alimi kumaipopera ethephon kuti itenge mtundu, koma kozizira usiku imafiira yokha mosavuta.

Tsoka lake ndi lomwe lija la ku mtundu. Ingogwani mvula yamphamvu usiku umodzi zipatso zitayamba kufewa. M'mawa mukapita m'munda mupeza timing'alu, tina tozungulira pafupi ndi kaphesi, tina kunsonga, madzi a shuga akudontha. Pofika masana njuchi ndi mavu zadzaza, tintchentche tating'ono tikuuluka, ndipo pakatha masiku atatu phava lonse likununkha viniga. Chimachitika n'chakuti mizu imamwa madzi ambiri mwadzidzidzi, khungu nalo limamwa omwe aligwera, mkati mumatupa msanga kuposa momwe khungu lingatambasukire. Mlimi wa chimanga wa kutsidya kwa waya akuthokoza kumwamba, wa Flame manja ali m'khosi. Walira mvula walira matope.

Sugraone, yomwe m'masitolo imalembedwa kuti Superior Seedless, imabwera pambuyo pa Prime ndi Flame ndi sabata imodzi kapena awiri. Inachokera kwa John Garabedian ku California ndipo inalembetsedwa mu 1972. Pa zofulumira ndiyo ya zipatso zikuluzikulu mwachibadwa, zolimba, zosawawasa, zopirira ulendo. Koma maso a m'munsi mwa nthambi yake sabereka kwenikweni, choncho wodulira mofupikitsa amakolola masamba okhaokha. Mvula nayonso imaiopa. Cardinal ndi wamkulu, wofiira moderako, wa njere, wokongola pa tebulo la pa Mbare Musika, koma pa kung'aluka ndiye mphunzitsi wa onse.

Kukoma kumayezedwa, si nkhani ya pakamwa pokha. Pali kachipangizo kokwana m'thumba la malaya kotchedwa refractometer: mumafinyira dontho la madzi a mphesa pa kagalasi, n'kusuzumira moloza kuwala, ndipo mzere wa pakati pa kuyera ndi kubiriwira umakuuzani shuga pa muyeso wa Brix. Misika yambiri imafuna 16 kapena kuyandikira pamenepo, ndiponso kuti shuga apose asidi pafupifupi ka 20. Zofulumira zimakonda kuthyoledwa pa 15 mpaka 17. Zochedwa monga Thompson Seedless ndi Crimson Seedless, kapena Hanepoot ya fungo la muscat lija, zimafika 18, 20 ndi kupitirira, chifukwa zakhala pa dzuwa nthawi yaitali. Liwiro lili ndi mtengo wake, ndipo umalipiridwa ndi shuga.

Zikho zomwe sizitikhudza

Izi tingozidutsa, ngakhale zimakometsa macheza. Mphesa yodula kuposa zonse ndi Ruby Roman ya ku Ishikawa ku Japan, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2008. Chipatso chimodzi chimayenera kulemera magalamu osachepera 20 ndi shuga wosachepera 18, ndipo mu 2022 phava limodzi linagulidwa pa okushoni ndi ma yen 1.5 miliyoni. Phava lolemera kwambiri lomwe linalembedwa m'buku la Guinness linaposa makilogalamu 10, ku Los Palacios y Villafranca ku Spain mu 2018. Mpesa wakale kwambiri womwe ukuberekabe uli pa khoma la nyumba ina ku Maribor, Slovenia, ndipo wapitirira zaka 400. Wa ku Hampton Court pafupi ndi London unabzalidwa mu 1768 ndipo zipatso zake zimagulitsidwabe chaka ndi chaka. Dziko lolima mphesa zodya zambiri ndi China, pamene pa kutumiza kunja Peru walanda Chile mpando m'zaka zaposachedwapa. Red Globe, mwana wina wa Olmo, ndiyo ya zipatso zazikulu pa mitundu yofala, koma imachedwa moti ku Mashonaland ingapse ambulera ali m'manja.

Okolola kawiri pa chaka ndiwo oyenera kuwayang'ana pang'ono. Ku Petrolina ndi Juazeiro, m'chigwa cha São Francisco ku Brazil, mpesa sugona n'komwe, ndipo alimi amasankha okha mwezi wokolola mwa kusankha tsiku lodulira. Ku Dodoma, kwa anansi athu a ku Tanzania, amakolola kawiri, ndipo zabwino ndi za nyengo youma, cha mu Ogasiti ndi Sepitembala. Ku Nashik ku India amadulira kawiri, mu Epulo ndi mu Okutobala, n'cholinga choti zipatso zipse mvula itapita. Onsewa anasiya kuthamangitsana ndi mvula, anangoizemba. Chomwe chimawalola n'chakuti nyengo yawo youma ndi yofunda. Ku Darwendale Juni ndi Julayi amazizira, m'madambo chisanu chimawaula, choncho njirayi ingayenere bwino malo otsika ndi otentha monga chigwa cha Zambezi, Chiredzi, Chikwawa kapena Salima.

Yosagonja

Chikho chomaliza, chomwe kwa ine n'chofunika kuposa zonse, chipite kwa mphesa yomwe akatswiri a msika amainyoza. Ndi ija yakuda kapena yofiirira yomwe imayanga pa khonde la nyumba zakale za m'matauni ndi za m'mafamu, ya magazi a ku America, ya gulu la Isabella ndi Catawba. Ili ndi njere, khungu lake ndi lochindikala ndipo limavuuka lokha ukafinya, mkati mwake ndi moterera, fungo lake ndi lamphamvu moti ena salifuna. Siifulumira. Koma makolo ake anakulira kum'mawa kwa America komwe nyengo yotentha ndi yamvula, limodzi ndi matenda omwe amapha mipesa ya ku Europe.

Woopsa pa matendawa ndi downy mildew. Amayamba ngati dontho la mafuta pamwamba pa tsamba. Mukalitembenuza, kunsi kuli nguwi yoyera. Kukakhala chinyezi masiku angapo masamba amauma n'kuyoyoka, mapava ang'ono amafota. Atafika ku France m'zaka za m'ma 1870 anasakaza minda, mpaka Alexis Millardet analengeza mu 1885 mankhwala osakaniza kopa ndi laimu, aja a Bordeaux, omwe akugwirabe ntchito lero. Flame kapena Prime m'dzinja la kuno imafuna kupopera mobwerezabwereza ngakhale mutakolola kale, chifukwa masamba akayoyoka mu Januwale mpesa sukhala ndi chakudya chosungira chaka chamawa. Isabella amadutsa dzinja lomwelo ndi chisamaliro chochepa, ana n'kumadya.

A ku Brazil ndiwo anayesa kuphatikiza mbali ziwirizi, kufulumira ndi kupirira mvula. Mu 2012 bungwe lawo la kafukufuku la Embrapa linatulutsa BRS Vitória, yakuda, yopanda njere, yotsekemera kwambiri, yopsa m'masiku a pakati pa 100 ndi 135 malinga ndi kutentha kwa dera, yopirira downy mildew ndiponso yosang'aluka wamba ndi mvula. Zipatso zake si zazikulu, mapava ake ndi aang'ono. Koma pa mitundu yonse yomwe tatchula, ndi yokhayi yomwe oibereketsa ankaganizira mlimi wa dziko lotentha la mvula ya m'nyengo yotentha. Akuluakulu a kafukufuku wa zipatso ku Marondera ndi ku Bvumbwe akanachita bwino kuyamba ndi mitundu yotereyi poyesa, m'malo mongotengera zomwe zikuchita bwino ku Cape komwe mvula imagwa nthawi yozizira.

Pali chinthu chimodzi chomwe aliyense wogwira ntchito m'munda wa mphesa zofulumira ayenera kuchidziwa, makamaka inu amene mpope umakhala kumsana kwanu. Kuno kuzizira sikukwana kuti maso onse a mpesa aphukire pamodzi, choncho atangodulira amapopera kapena kupaka hydrogen cyanamide, yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina la Dormex. Ndiye amadzutsa mpesa msanga, ndipo popanda iye masabata awiri kapena atatu aja othawira mvula amatayika. Koma ndi poizoni wootcha khungu, ndipo sagwirizana ndi mowa ngakhale pang'ono: munthu amene wamugwira n'kukamwa, kaya chibuku kaya kachasu, nkhope imafiira, mtima umathamanga, mutu umazungulira, ena mpaka kugonekedwa m'chipatala. Maiko a European Union anamuchotsa pa mndandanda wa mankhwala ololedwa mu 2008. Kapitawo wokutumani ntchitoyi popanda magolovesi, jombo, ovolosi ndi chotchinga kumaso akukulakwirani, ndipo tsiku lopopera, la dzulo lake ndi la mawa lake, botolo likhale patali.

Tsono chigamulo changa n'chotere. Wa ndalama zogulira pulasitiki, ukonde ndi chilolezo, amene akuloza masitolo a ku Harare mu Novembala mphesa za ku Cape zisanasefukire, abzale Prime kapena Early Sweet, ndipo asathyole shuga asanafike 16. Wa ndalama zochepa ayese mizere iwiri kapena itatu ya Flame pamalo okwera, kutali ndi dambo, adulire msanga, avale mapava ndi timatumba tapepala kuopa apumbwa, ndipo avomereze kuti chaka chomwe mvula ifulumire adzaluza. Perlette ndi Cardinal asiyeni m'mabuku. Wofuna mthunzi pa khomo ndi zipatso za ana apemphe nthambi ya Isabella kapena Catawba kwa mnansi mu Julayi. Ndipo nonse, musalowetse nthambi za kunja m'chikwama podutsa pa Beitbridge kapena pa Nyamapanda: matenda a mipesa amayenda m'nthambi zooneka zabwinobwino, ndipo chilolezo chimatengedwa ku ofesi yoona za mbewu zolowa m'dziko ku Mazowe.